Mpando wa Loya

Mwana wanga,

Moni wako ndi ameneyu. Uli bwanji kumeneko? Chifuwa chija unkatsokomola pa foni chinatha? Ukudya, kapena ukungomwa tiyi n'kuthamangira kuntchito? Pachithunzi chomaliza chija khosi lako latalika. Usandinamize kuti ndi kuwala kwa foni, ndinakubala ndine.

Kuno tadzuka. Ine maondo ndi omwe aja, m'mawa amayamba akana kaye kenako n'kulola. Zala nazonso zayamba mwano, mabatani a bulauzi ndimamanga ngati ndikumangira munthu wina. Kuchipatala akuti magazi akuthamanga, andiwonjezera mapiritsi. Ndawauza kuti munthu wosunga ana atatu magazi ake sangayende mwaulesi.

Amuna ako ali bwino, angotuluka kamimba. Mapasa ako ali bwino mopitirira, aphunzira kutsegula filiji moti chitseko chake tachimanga ndi chingwe. Loya nayenso ali bwino. Za iyeyo ndi zimene ndakhalira pansi kulemba.

Udabwa kuti bwanji kalata pomwe foni ilipo. Pa foni umandiposa pakamwa. Ndikati ndiyambe, iwe wamaliza kale, wandiuza kuti amayi musadandaule, kenako akukuitana ku wodi, wadula. Pepala silidula munthu mawu. Ndapatsira nesi mnzako uja anabwera kutchuthi, ndiye uwerenge utakhala pansi. Sukulu ndinalekera panjira, ukudziwa. Pomwe zilembo zakhota uzidumpha, koma tanthauzo usalidumphe.

Nkhani ndi ya galimoto ukufuna kugula ija.

Uyambe wakumbuka mmene tikuyendera panopa, poti wakhalitsa kunja. M'mawa amuna ako amatitenga m'kagalimoto kakale kaja kukasiya ana kusukulu ya mkaka. Ine ndimapita nawo chifukwa bambo mmodzi sangatsitse ana atatu m'mbali mwa msewu, ndiye ndikawalowetsa ndimabwerera pa minibasi. Mapasa amakhala m'mipando yawo ija unatumiza, wina chitseko ichi, wina chitseko icho. Pakati pamatsala kampata koti ngakhale mphaka angadandaule. Pamenepo ndi pa Loya. Amakhala cham'mbali, phewa limodzi kutsogolo, atamanga kalamba kapamimba kokha.

Chimwalirireni mlongo wako, mwana wakeyu sadziwa nyumba ina koma ino. Anabwera akukwawa, pano ali ndi zaka zinayi. Dzina la Loya unam'patsa ndiwe wemwe, chifukwa palibe chimene ungamuuze osakufunsa kuti chifukwa chiyani, wanena ndani. Amuna ako amawaitana adadi monga amachitira mapasa. Palibe anamuphunzitsa, palibenso anamuletsa.

Mwezi wathawu galu anadumpha msewu, amuna ako n'kuponda buleki. Mapasa sanadziwe n'komwe, wina anapitiriza kuyamwa chala. Loya anakamenyetsa mphuno pa kabokosi kapakati pa mipando yakutsogolo. Magazi pa yunifolomu yake, magazi pa diresi langa. Amuna ako anati tisakuuze, uda nkhawa kuntchito. Ine ndakuuza. Mphuno inapola, usadumphe.

Mpando wake ulipo. Unatumiza iwe wemwe, wofiira uja, ndipo ndinakuthokoza. Koma m'kagalimoto aka sukwana, tinayesa mbali zonse, chitseko chinakana kutseka. Ndiye uli pabalaza pafupi ndi shelefu ya nsapato. Loya amakhalamo akabwera kusukulu. Amadzimanga yekha malamba, amaonera TV ali momwemo, nthawi zina amadyera momwemo. Ukamuuza kuti tsika ukasambe, amvekere sitinafike. Tonse tinamulonjeza kuti ikabwera galimoto yaikulu, mpando wakewo ulowa. Iwenso unamulonjeza pa foni, ndinalipo.

Ndiye unatumiza zithunzi za galimoto yoyera ija, yaitali m'mwamba, ya mipando yachikopa ndi denga lagalasi. Unati wasankha ya mizere itatu dala kuti amayi akhale ndi mpando wawowawo, asamapanikizike. Ndinamva bwino mumtima, sindikana. Loweruka amuna ako akupita kukaiona, anati ndipite nawo ndikayese kukwera chifukwa cha maondowa. Ndinati chabwino, koma mpando wofiirawo ukupitanso.

Anayamba kukanda m'mutu. Akuti amayi, kumeneko ndi malo a anthu aulemu, sitingafike ngati tikusamuka. Ndinawafunsa ngati nsapato amagula phazi atalisiya kunyumba. Ndinaunyamula pamiyendo njira yonse, ana onse atatu ali kumbuyo, msewu osauona, ndikungoona nsalu yofiira ndi zinyenyeswa za bisiketi.

Kumalo ogulitsirako ndi bwalo lalikulu la miyala, magalimoto ali ndandanda, timbendera tikuuluka pa chingwe. Anatilandira mnyamata wina wa tayi yaitali mpaka pa zipi, wonunkhira ngati wagwera m'botolo la perefyumu. Amuna ako amawati bwana, ine amanditi mami wathu. Ataona mpando uli m'manja mwanga anaseka, amvekere mami wathu mwabwera ndi mpando wanuwanu, mukuganiza kuti kuno tilibe pokhala?

Galimoto yoyerayo ndi yokongola, mwana wanga. Maso uli nawo. Watayi anatsegula zitseko zonse, anayatsa nyimbo, anatsegula denga kuti tione mitambo. Ndinamuuza kuti mitambo ndimaiona ulere ndikamayanika zovala, andionetse pokhala ana.

Mzere wapakati uli ndi mipando iwiri yokha, yaikulu ngati ya mabwana, pakati pake anamangapo kabokosi koziziritsira zakumwa. Amuna ako anamasula mipando ya mapasa m'kagalimoto kathu n'kuiika pamenepo. Inalowa bwino. M'mphako mwa mpando muli tizitsulo tiwiri tobisika, ukakankhira mpando wa mwana pamenepo umalira kuti kha, ndiye kuti wagwira. Kumsana kulinso kachitsulo kena kokolekapo lamba wam'mwamba. Amuna ako anagwedeza ndi mphamvu, siinasunthe. Mpaka pamenepa ndinali kumbali yako.

Kenako ndinafunsa kuti ine ndi Loya tilowera pati.

Watayi anati n'zosavuta mami wathu, mumangokoka kachingwe aka, mpando wapakati umagwada, inu n'kudutsa. Anakoka. Mpando sunagwade. Anakokanso mpaka tayi inalowa m'kamwa. Ungagwade bwanji pomwe pamsana pake pamangidwa mpando wa mwana? Kuti munthu apite kumbuyo, uyambe wamasula mpando wa mmodzi wa mapasa, munthu alowe, ubwezeretse, umangenso. Potsika chimodzimodzi. M'mawa uliwonse, pageti la sukulu, magalimoto akuimba mahutala kumbuyo, mvula ikugwa.

Amuna ako anati mwina kudutsa pakati. Pakati pali kabokosi ka zakumwa kaja, sikachoka. Ndiye Watayi anaganiza, anaganiza, amvekere ambiri amangolowera ku buti.

Ndinalowera ku buti, mwana wanga. Ine mayi ako, amene ndinachapa nsalu za hotela mpaka zala kupindika kuti iwe uvale yunifolomu yoyera, ndinakwawa ngati mbuzi yokagulitsa. Amuna ako akuyang'ana kumbali mwaulemu, Watayi akundikankha pa chidendene, mapasa akuwomba m'manja. Ndinachita dala, ndimafuna ndiuone ndi thupi langa mpando umene unandisankhira. Nditakhala, maondo anafika pachibwano. Kumbuyo kwa mutu wanga, galasi la chitseko cha buti linali pafupi moti ndikanatha kulipukuta ndi duku osatembenuka.

Ndinati andipatsire mpando wa Loya. Tinausakira tizitsulo tija mbali zonse, ndinalowetsa dzanja m'mphako mpaka m'chigongono, ndinangotulutsa kapepala ka switi. Kulibe. Kokolekapo lamba wam'mwamba kulibenso. Amuna ako anaumanga ndi lamba wa galimoto yekha, atagwedeza unapendama ngati woledzera.

Apa ndi pamene Watayi anafunsa amuna ako ngati ana onsewa ndi awo. Iwo anati awiriwa ndi anga, uyu ndi wa malemu alamu anga. Sananame, sindikuwaimba mlandu. Watayi nkhope inamasuka, amvekere aaa, ndiye palibe vuto bwana, mipando yofunika ndi iwiri, mlendoyu akhoza kumakhala pamiyendo pa agogo ake.

Loya anali ataima pafupi ndi tayala, atagwira lamba wa mpando wake. Anatembenuka kuyang'ana kumbuyo kwake, kenako anayang'ana kugeti. Anafunsa kuti mlendo ali kuti.

Watayi anam'nyamula n'kumukhazika pa chiwongolero kuti aziseweretsa, mwanayo n'kuyamba kulira ngati injini, vuuu, vuuu.

Amuna ako anati tikuimbire, umve wekha. Unali utangotuluka kuntchito, mawu ako anali otopa. Foni inali pa sipika. Iwe sunadziwe kuti ndili kumbuyoko maondo ali pachibwano, ndipo sunadziwe amene anali pa chiwongolero. Amuna ako atafotokoza za tizitsulo, unati amayi asavutitse zinthu. Unati Loya chaka chamawa akamayamba sukulu yeniyeni apita kwa mayi ake, sitingasankhe galimoto poyang'ana mwana woti akuchoka.

Amuna ako analimbana ndi foni kuti atseke sipika, anaigwetsa pamiyala. Kutsogolo kuja injini ya Loya inazima. Sindikudziwa chimene anamva, sindikudziwa chimene anamvetsa. Ndikungokuuza kuti vuuu uja anasiya, ndipo sanayambirenso.

Tsono ndikufunse, poti pa foni sukanandipatsa mpata. Zimenezi munagwirizana ndi ndani? Liti? Ine ndimagona chipinda chimodzi ndi mwanayu, ndimadziwa mwendo umene amaponya akamalota, koma za ulendo wake ndikumvera m'buti mwa galimoto ya eni ake.

Mayi ake sindikuwanena zoipa. Anali mtsikana pomwe mlongo wako amatisiya, anakwatiwanso, ali ndi khanda, ndipo bambo wakumeneko ananena poyera kuti nyumba yake ndi yaing'ono. Mayi akewo akabwera kudzamuona, Loya amabisala kuseri kwa siketi yanga n'kumawati anti. Kumeneko ndi kumene ukuti apite? Kukakhalanso pakampata?

Kutuluka m'galimotomo kunavuta kuposa kulowa. Anachita kundikoka anthu awiri, nsapato imodzi inatsalira momo. Watayi anati pepani mami wathu, mukazolowera zimaphweka. Ndinamuuza kuti akayambe wazolowetsa mayi ake.

Nditaponda pansi ndinavala nsapato yanga, ndinanyamula mpando wofiira uja, n'kuuza amuna ako kuti ine pabwalo pano sindichoka mpaka nditaona galimoto imene mipando itatu ikhala mzere umodzi, yonse italira kuti kha. Anati amayi, dzuwa lakwera, ana ali ndi njala. Ndinati m'chikwama muli mabanzi. Anati mkazi wanga wasankha kale. Ndinati mkazi wanuyo ndinamusankhira ndine bambo ake, sanadandaulepo.

Za magalimoto ine sindidziwa kanthu, usaganize kuti ndikudzitama. Ndinaloza yaikulu kuposa onse, yakuda, matayala ofika m'chiuno mwanga, poganiza kuti chachikulu kunja ndi chachikulu m'kati. Ndinanama. Mpando wake wakumbuyo pakati pali chitunda ngati msana wa ng'ombe, mpando wa Loya unakhala pamwamba n'kumagwedera, ndipo kuti ndikwezemo mwana ndimayenera kumunyamula mpaka pamutu. Msana unandiuza pomwepo kuti iwe gogo usayerekeze. Ndinalozanso ina yofiira chifukwa imafanana ndi mpandowo. Imeneyo mipando itatu inalowa, koma chitseko chinakana kutseka. Watayi anati tikankhe ndi bondo. Ndinam'funsa ngati mkono wa mwana tiziukankhanso ndi bondo.

Apa ndikuuze za amuna ako, uwadziwe bwino. Poyamba amangonditsatira kumbuyo ngati munthu woperekeza wamisala, akupepesa Watayi ndi maso. Koma titafika pa galimoto yachitatu ndinangoona avula jekete, apinda malaya, apatsa Loya makiyi kuti asunge. Anatola foni yawo yosweka galasi ija n'kuyamba kuwerenga za galimoto iliyonse, kuti tizitsulo tili pati, tilipo tingati. Anagwada m'magalimoto a eni akewo mpaka thalauza linada m'maondo. Amamanga, amagwedeza, amamasula, tiyeni ina. Zonse zimene ndikukuuza za tizitsulo anandiphunzitsa ndi iwowo. Ine yanga inali kukana basi.

Ina inatinyenga. Mipando inalowa, chitseko chinatseka, Watayi anayamba kale kuwomba m'manja. Amuna ako anati dikirani, amayi ayese kumanga ana, poti m'mawa amamanga ndi iwo. Ndinayesa. Mipando inathinana moti kuti ndifikire mwana wapakati ndimayenera kugona pamimba pa mmodzi wa mapasa, denga likundigunda m'mutu, zala zopindikazi zikusaka chomangira osachipeza. Mwana anandiluma khutu. Tinaisiya.

Imene tinapeza inali kumapeto kwenikweni, pafupi ndi mpanda, kumene amatsukira magalimoto. Yotuwa. Sindikunamiza, si yokongola. Yangokhala ngati kabati yoikidwa matayala. Mipando yake ndi yansalu, denga ndi denga basi, mitambo suiona. Watayi amaidutsa dala, amati imeneyo si ya msinkhu wanu bwana.

Koma mpando wake wakumbuyo ndi wotambalala, wosalala, wogawidwa patatu mofanana, ndipo malo onse atatu ali ndi tizitsulo take, ndi kokolekapo kumsana. Zitseko zimatseguka mpaka kumapeto ngati za tchalitchi. Si yaitali kwambiri, mwana ndimamukhazika nditaima chilili, osadzutsa msana. Pansi pake palibe chitunda, Loya amalowa yekha n'kuyenda mpaka pakati.

Amuna ako anaika wa mapasa woyamba, kha. Wachiwiri, kha. Anatenga wofiira uja, anaukankhira pakati. Kha. Anagwedeza yonse itatu ndi manja awiri mpaka galimoto yonse inavina, mipando osasuntha. Anatseka chitseko ichi, chinatseka. Icho, chinatseka.

Loya sanadikire kuuzidwa. Anakwera, anakhala, anadzimanga yekha monga amachitira pabalaza. Anayang'ana wa kumanja, anayang'ana wa kumanzere, n'kuwauza kuti aliyense agwire botolo lake bwinobwino chifukwa tikunyamuka. Anafunsa ngati uwu ndi ulendo weniweni kapena wa pabalaza. Watayi anabweretsa makiyi, amuna ako anatizungulitsa kunja kwa mpanda n'kubwerera. Pa bampu mapasa anaseka, Loya anagwira malamba ake ndi manja awiri, nkhope ili gwa ngati woweruza. Titaima anakana kutsika. Amvekere sitinafike.

Mkulu wa pamalopo, bambo wa imvi, anatuluka mu ofesi kudzaona chimene chachedwetsa makasitomala tsiku lonse. Anasuzumira pawindo n'kufunsa amuna ako kuti onsewa ndi anu? Iwo anapukuta thukuta ndi jekete, anati onse atatu. Ine ndinayang'ana timbendera, m'maso munalowa fumbi.

Tsopano imva vuto lake, chifukwa sindikubisira. Galimoto imeneyi ndi ya anthu asanu. Amuna ako anawerenga ndi zala tili pomwepo. Woyendetsa, ana atatu, mpando umodzi kutsogolo. Panopa kutsogoloko ndikhala ine. Koma iwe ukabwera, ndi pako. Anandiyang'ana, amvekere nanga amayi mudzakhala pati?

Ndinawayankha pomwepo, ndipo ndikukuyankha iwenso. Ndidzakhala pakhomo. Kukakhala kofunika kupita, minibasi ndimaidziwa, makondakitala onse a msewu uno amanditi agogo a mapasa, amandisungira mpando wakutsogolo. Ndakwera minibasi moyo wanga wonse, sindinasungunuke. Kutchalitchi ndi pafupi. Kunyanja ndi kumapaki kumene mumafuna kupita ndi ana, ine ndikakatani? Ndikakhale pamchenga ndi maondo awa? Mudzandibweretsere zithunzi.

Ndiye usabisale kumbuyo kwanga, mwana wanga. Usanene kuti wagula yoyerayo chifukwa cha amayi. Amayi akana. Mpando umene unandisankhira ndauyesa, ndi shelefu ya masutikesi. Ndipo ngakhale ukanakhala wa mfumukazi, sindingakhale pa chikopa mdzukulu wanga ali pamiyendo panga ngati thumba la kumsika, manja anga opindikawa ndiwo akhale lamba wake. Galu wina akadzadumpha msewu, manja awa sadzagwira kanthu. Mabatani akundikanika, ndiye mwana?

Ndikudziwa watopa. Ukusambitsa nkhalamba za eni ake kudziko lozizira, ana ako akukula pa galasi la foni. Ndikudziwa umafuna tsiku lobweralo tikakuchingamire ku eyapoti ndi galimoto yoti anthu atembenuke, adziwe kuti sunapite kukasewera. Si tchimo limenelo. Thukuta ndi lako, ndipo ine ndilibe choponyapo. Ndikudziwanso kuti mawu aja unalankhula uli ndi tulo m'maso. Mwina sunawaganize. Koma anatuluka, ndipo chimene chimatuluka munthu atatopa chimakhala kuti chinalimo.

Ngati ana atatu akulemera, nena choncho, tikhale pansi tione chochita ngati anthu. Koma usalole kuti galimoto ikunenere. Ukagula ya mipando iwiri ya ana, wamuuza kale mwanayu kuti m'nyumba muno muli ana awiri. Sadzafunika kumva pa sipika. Amadziwa kuwerenga mpaka teni.

Tsono mawu anga ndi awa, ndipo sindiwabweza. Ukagula yoyerayo, idzalowa pageti chifukwa geti si langa, koma ine phazi langa silidzapondamo, ngakhale tsiku lopita kuchipatala. Loya sadzakweramonso. Tizidzayenda awiri pa minibasi, anthu azidzafunsa okha chifukwa chake, ndipo ukundidziwa, ndikafunsidwa ndimayankha. Ndipo tsiku limene mudzapakire zovala za mwanayu kuti apite kwa mayi ake, mudzapakirenso zanga. Bambo wakumeneko amati nyumba yake ndi yaing'ono, adzaona kuchepa kwenikweni ndikadzafika ine ndi mapiritsi anga. Mapasa mudzawapezere wantchito woti azilumidwa makutu.

Mlongo wako sanasiye nyumba, sanasiye munda, sanasiye kanthu koti tizikanganirana. Anasiya kamunthu aka kofunsa mafunso, kali ndi chipumi chake ndi kayendedwe kake. Inu awiri munkagona mphasa imodzi, munkalimbirana bulangete limodzi, wina sanagonepo panja chifukwa choti bulangete lachepa. Ndimakukokerani pakati nonse. Sindinaphunzire zambiri, koma zimenezo ndimazidziwa.

Amuna ako akuopa kukuuza. Akhala akuyamba uthenga pa foni n'kufufuta. Akuti ndalama ndi zako, sangakutsutse uli kutali. Usawakalipire, ndipo usawafunse ngati anandituma, sakudziwa n'komwe kuti ndalemba. Yotuwayo mkulu wa imvi uja wati atisungira pang'ono, koma osati mpaka kalekale, chifukwa pali wina wogulitsa mazira akuifuna. Ndiye usachedwe. Zingakhale zamanyazi kuti mazira ayende motakasuka mdzukulu wanga ali pakampata.

Mpando wofiira wabwerera pabalaza, pafupi ndi nsapato. Za mlendo uja Loya sanafunsenso, za pa foni sanatchule, ndipo kwa mwana amene amafunsa chifukwa chake madzi ali onyowa, kukhala chete kumeneko sikukundisangalatsa.

Dzulo ndikusita mayunifolomu, iye ali mumpando wakewo atadzimanga, anandiitana. Anati wawerenga, m'galimoto yotuwa ija azakhali, kunena iweyo, akabwera mipando ithera. Adadi, azakhali, mapasa, iyeyo. Anafunsa kuti agogo mudzakhala pati. Ndinati ndidzatsala ndikulondera nyumba. Anati chifukwa chiyani. Ndinati chifukwa ndakalamba. Anati wanena ndani.

Kenako anamenya timiyendo take ndi manja. Amvekere musadandaule agogo, mudzakhala pamiyendo panga, ndidzakugwirani zolimba.

Ndinapsereza kolala ya yunifolomu. Ameneyo ndiye mwana woti akuchoka uja.

Ukamaliza kuwerenga usandiimbire ine, mawu anga atha, ali papepala pano. Uimbire amuna ako uwauze mtundu wa galimoto. Ukatero upemphe kulankhula ndi Loya, umuuze wekha kumene mpando wake ukupita. Akufunsa kuti chifukwa chiyani, ndiye ukonzekere.

Mulungu akusunge kumeneko, akupatse tulo tokwanira ndi odwala osavuta. Uzivala zofunda, uzidya chakudya chenicheni. Undiperekere moni kwa mnzako wogona naye nyumba uja, ndi kwa abusa amene anakulandira utangofika. Azakhali ako akupereka moni, akuti mafuta opaka m'maondo aja anawathandiza, ine sanandithandize. Mapasa apaka manja awo pansipa, si dothi la m'njira, ndi moni wawo. Mzere wokhotawo walemba Loya, akuti ndi galimoto. Uwerenge mawindo ake, akuti aliyense ali ndi lake.

Ndine mayi ako,
amene ndinalowera ku buti kamodzi, ndipo sindidzalowanso.